Mlamu wa ku Kalabo

Uthenga wa imfa ya Stefano unafika ku Zingalume pa foni, mvula ili pakati, anthu ali m'minda kupalira. Woimbayo anali mnzake wa kuntchito dzina lake Dyson, ndipo mawu ake ankangodukaduka. Lonia, mlongo wake wamkulu wa Stefano, anangotolapo kuti mlongo wakeyo wamwalira, kuti kumeneko madzi asefukira, ndiponso kuti maliro sangachedwe. Abale ali mkati mokambirana za amene angapite, foni inaliranso. Anali ataika kale.

Stefano anali mwana wamwamuna yekhayo wa aNambewe. Anaphunzira za matenda a ziweto, ndipo atamaliza anamutumiza ku Kalabo, kumapeto kwa dziko cha kumadzulo, malo amene anthu a ku Zingalume ankangowamvera pa wailesi. Kumeneko anakwatira mkazi wa Chilozi dzina lake Namakau, amene kumudzi kunalibe ndi mmodzi yemwe anamuonapo. Chaka ndi chaka Stefano ankati, "Tikakolola ndibwera naye." Nthawi yokolola inkafika n'kudutsa, iye n'kuimba foni kuti ntchito yachuluka, njira ndi yaitali.

Ku Zingalume analira maliro opanda mtembo. Amayi a chigwirizano anaimba mpaka mawu kusasa, abusa analalikira, koma panalibe dzenje loti munthu aponyemo dothi. Lonia sanalire kwenikweni. Chisoni chake chinasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unakatera pa mkazi amene anali asanamuonepo uja.

"Munthu ali ndi kwawo, amake ali moyo, n'kumufotsera ngati mlendo wongodutsa?" ankatero Lonia pamjigo, amayi anzake n'kumavomera. Ena ankathirirapo ndemanga zawo, kuti akazi a kumeneko salola mwamuna kubwerera kwawo, kuti mwina katundu wa Stefano anagawana maliro akadali m'nyumba. Lonia ankamva zonsezo n'kumazisunga mumtima.

Mvula inatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe, kunayamba kuzizira. Tsiku lina masana Lonia ali pakhonde kusankha thonje loti mwamuna wake Zebron akagulitse, anaona munthu akutulukira m'kanjira ka kudambo. Anali mkazi wamtali, woonda, chikwama chachikulu pamutu, mwana kumbuyo. Fumbi linali litamuyeretsa mpaka m'nsidze, ndipo ankaponda mosamala ngati mapazi ali ndi zilonda. Atafika pabwalo anatula chikwamacho, nagwada, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono mwa njira imene Lonia anali asanaionepo.

"Ndine Namakau," anatero m'Chinyanja chokoka. "Mkazi wa Stefano. Inu ndinu alamu a Lonia. Nkhope ndi imodzi."

Lonia sanadzuke. Anayang'ana mkaziyo, kenako chikwama, kenako timiyendo tolendewera m'chitenje.

"Mwabwera ndi ndani?"

"Ndekha, alamu. Ndi Chipiliro uyu."

Anamasula chitenje n'kumukhazika mwanayo pamiyendo. Kanali kamtsikana kongoyamba kukwawa, makutu otambalala ngati a Stefano. Lonia anawaona makutuwo, nayang'ana kumbali.

"Amayi kulibe," anatero. "Anapita ku Mlolo kukadwazika mng'ono wawo."

"Ndidikira."

"Tsiku lobwera sitikulidziwa."

Sikuti Lonia ananama. ANambewe analidi ku Mlolo, koma munthu wa njinga akanatha kupita kukawatenga. Zebron ananenadi zimenezo atabwera kumunda n'kumupeza mlendoyo.

"Ndipite mawa ndikawatenge?" anafunsa chapansipansi kuseri kwa nkhokwe.

"Nanga thonje? Ogula akutseka msika sabata ino. Ndiponso mukufuna amayi akomoke? Chilonda cha mumtima chija changoyamba kumene kupola."

Zebron anali mkamwini pamudzipo, ndipo nkhani za kuchikazi sankaziika mlomo. Anangokanda m'mutu n'kupita kukamangirira mbuzi.

Namakau anatsegula chikwama chake. Munali mpunga wa kwawo, nsomba zouma zokulunga m'mapepala, ndi zovala za Stefano zochapa bwino, zopinda, pamodzi ndi nsapato zake zamphira zoyendera m'makola.

"Ndi zokhazi?" anafunsa Lonia.

"Njinga yamoto imene ankayendera inali ya kuntchito, alamu," anayankha Namakau. Kaya mbola ya funsolo sanaimve, kaya anangoimeza, Lonia sanadziwe.

Anamupatsa kanyumba kosungiramo makasu ndi matumba kuti azigonamo. Namakau ankadzuka anthu onse asanadzuke, n'kusesa bwalo, kutunga madzi, kenako n'kudzakhala pakhonde kuthandiza kusankha thonje. Anali asanaligwirepo chibadwire, ndipo poyamba ankalifinya m'manja n'kumamwetulira yekha. Oyandikana nawo ankabwera kudzamuona, koma ankaimirira chapatali, manja kumbuyo, n'kuchoka osakhala pansi. Kangapo konse Namakau anayamba kufotokoza za matenda a mwamuna wake, akufunafuna mawu m'chilankhulo chimene ankachidziwa pang'ono.

"Thupi linatentha, alamu. Madzi anali ponseponse. Ife tinatenga bwato..."

"Zinapita zimenezo," Lonia ankamudula. "Sizingamudzutse."

Kamwana kaja kankakwawa mpaka pamapazi a Lonia n'kugwira chitenje chake kuti kaimirire. Lonia ankamva timanja tofunda pamsongolo pake, koma ankangopitiriza kusankha thonje mpaka amake atabwera kudzakachotsa.

Patapita masiku owerengeka Namakau anafunsanso za apongozi ake.

"Ndinakuuzani kale kuti sitikudziwa," anatero Lonia.

Namakau anapukuta mwana kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye mawa ndibwerera."

"Muyende bwino."

M'mawa mwake Zebron anali atapita kale kumsika ndi thonje panjinga. Lonia anathira mtedza pang'ono m'kapepala n'kumupatsa mlamu wake. Namakau anagwada, naomba m'manja monga anachitira pofika, nasenza chikwama chake chimene tsopano chinali chopepuka. Lonia anaima pamapeto a bwalo. Kwawoko ngakhale mlendo wodzapempha moto amamuperekeza mpaka pamphambano, koma iye phazi lake silinadutse pamene tsache limalekezera.

ANambewe anabwera sabata yomweyo. Nkhani anaimvera m'njira, kwa amayi otola nkhuni, ndipo anafika pabwalo osatula n'kathumba komwe.

"Lonia, mwana wa Stefano anafika pabwalo pano?"

"Anafika, amayi."

"Unamunyamula?"

Lonia anayang'ana pansi.

"Wafanana ndi ndani?"

"Makutu ndi a atate ake."

ANambewe sanakalipe. Anakhala pansi pomwepo pafumbi, miyendo chotambalala, n'kumayang'ana kanjira ka kudambo. Kuyambira tsiku limenelo ankalankhula ndi Lonia zofunika zokhazokha, za mchere, za nkhuku, za mankhwala awo a miyendo. Chaka chinatha choncho. Ndiye tsiku lina kukutentha, mitengo itayamba kuphuka masamba ofiira, anamuitana.

"Ine miyendo yatha. Pita ukaone pamene anagona mwana wanga. Ukabwere udzandiuze."

Lonia anagulitsa mtedza wake. Anali asanapitirirepo Chipata, ndipo ankaganiza kuti ulendo ndi kukwera galimoto, kukhala, n'kutsika.

Zebron anamukweza panjinga mpaka paboma la Chadiza. Njira inali ya mabampu, dzuwa linali litayamba kale kuluma, ndipo pofika m'chiuno munali mutawawa. Akutsika anatembenuka n'kuyang'ana kumene achokera. Mtunda wonsewo mlamu wake anauyenda wapansi, mwana kumsana. Lonia anaikankhira kutali mfundo imeneyo n'kukwera minibasi. Minibasiyo inaima pamalo amodzi mpaka kudzaza, kondakitala akulonjeza kuti tsopano lino tinyamuka, anthu akutuluka thukuta atapanikizana ndi matumba a chimanga ndi nkhuku zomanga miyendo. Ku Chipata anagona kwa mbale wa Zebron, amene m'mawa anamuperekeza mpaka pampando wa basi yaikulu ya ku Lusaka.

Katete, Sinda, Petauke, Nyimba. Mpaka pamenepo zinali ngati kwawo, minda yoyera yodikira mvula, amayi ogulitsa nthochi akulankhula zomveka. Kenako basi inalowa m'mapiri, n'kumakhota uku ndi uku mpaka mseru kumugwira. Pamlatho wa Luangwa anatsika kuti awongole miyendo, koma mpweya wake unali ngati wa mu uvuni, fungo la nsomba zouma lili gu! Anapeza kuti mapazi atupa, nsapato zikukana. Anabwerera pampando n'kutseka maso. Akawatsegula ankaona tchire, akawatsegulanso tchire lomwelo.

Ku Lusaka anakamulandira Natasha, mwana wa msuweni wake amene ankaluka tsitsi mumzindamo. Pasiteshoni anyamata oitanira mabasi anamuzungulira, wina kumukoka dzanja, wina chikwama, aliyense akukuwa dzina la malo ake. Lonia anakumbatira chikwama chake ngati mwana mpaka Natasha atamutulukira n'kuwabalalitsa.

"Mayo ine, ndafika," anatero Lonia. "Kwatsala pang'ono, eti?"

Natasha anaseka. "Azakhali, apa mwangofika pakati. Mtunda mwayendawu, kutsogoloku kuli wina ngati womwewo, n'kuwonjezerapo."

Akutuluka pachipata Lonia anaona amayi atakhala m'mbali mwa khoma, atatsamira matumba awo, ena akuyala zitenje pasimenti, ana ali m'manja.

"Nanga awa akudikira chiyani?"

"Mabasi a mawa. Amenewo alibe abale muno, amagona pomwepo. Chikwama amachita kuchimangirira kumwendo."

Lonia anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka Natasha anachita kumukoka.

M'basi ya ku Mongu Chinyanja chinatha. Anthu ankacheza, kuseka, kukangana ndi kondakitala, iye osatolapo kanthu. Akafuna kufunsa ngati basi iima posachedwa, ankayamba wayang'ana nkhope za anthu kufunafuna wooneka wachifundo, kenako n'kungosiya. Anakumbukira mmene Namakau ankafunira mawu pakhonde paja, milomo ikugwedera mawu asanatuluke.

Pambali pake panakhala mtsikana wa mwana wakhanda. Mwanayo analira chifukwa cha kutentha, amake anamuyamwitsa, anamupepesa, anamuimbira chapansipansi, koma sizinathandize. Amuna a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Basi itaima pamalo ena kuti anthu akadzithandize, mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, kenako anangomuika mwanayo m'manja mwa Lonia, n'kutsika chothamanga. Mwanayo anali wolemera kuposa mmene ankaonekera, wonyowa ndi thukuta kumsana. Anamuyang'ana Lonia m'maso, nagwira mkanda wake n'kuuika m'kamwa. Amake atabwera anaomba m'manja pang'onopang'ono, mofanana ndendende ndi kuomba kuja kwa pabwalo la ku Zingalume. Lonia anatembenukira kuwindo. Basi ikudutsa m'nkhalango ya nyama anthu anaimirira kuloza njovu, koma iye sanadzutse n'mutu womwe.

Ku Mongu anamulandira Dyson, mnzake wa Stefano uja. Anali munthu wa ku Katete, wamfupi, wa dazi, ndipo atangoti, "Mwafika, mayi, pepani ndi ulendo," Lonia anamva ngati wamwa madzi ozizira. Anagona kwa anthu a mpingo, ndipo kutacha anakwera galimoto ina ya ku Kalabo. Msewu unatsika chitunda n'kulowa m'dambo lalikulu loti maso sangaone polekezera, lopanda phiri, lopanda mtengo, udzu ndi ng'ombe basi. Msewuwo unali wokwezeka, mlatho ukatha wina n'kuyamba.

"M'dzinja zonse mukuonazi ndi madzi," anatero Dyson. "Midzi imatsala ngati zilumba. Ena amasamuka kumene."

Ku Kalabo anakwera njinga yamoto ya Dyson. Inayenda mpaka pamene mchenga unaikanika, ndiye anaisiya pakhomo la munthu n'kuyamba wapansi. Mchenga wake unali woyera, wotentha, phazi likaponda limamira n'kubwerera m'mbuyo. Lonia anavula nsapato, mchenga unamuotcha, anavalanso. M'njiramo ndi mmene Dyson anamufotokozera, iye asanafunse.

"Stefano anadwala malungo ali kumudzi kwa apongozi ake, kumene anapita kukabaya ng'ombe. Madzi anakwera mofulumira chaka chimenecho. Mlamu wanu ndi alongo ake anamuika m'bwato kuti apite naye kuchipatala, iye ali ndi mwana wa miyezi yochepa kumsana, akumuthira madzi pamphumi mwamuna wake. Anathera m'bwato momwemo. Anabwerera naye. Namakau anakana kuti amuike, ankati adikire abale ake, anachita kugona pakhomo la nyumba kuti anthu asalowe. Ine ndinapalasa bwato kufunafuna pamene foni ingagwire. Koma kutentha kwa kuno mukukuona nokha, ndipo malo osungira mitembo anali kutsidya kwa madzi onsewo. Akuluakulu anachita kumunyamula kumuchotsa pakhomopo."

Lonia anapitiriza kuyenda. Ankangomva mchenga ukulira pansi pa mapazi.

"Za ulendo wa kwanu uja tinamuletsa," anapitiriza Dyson. "Tinati dikira mwana akuleko. Iye anati Stefano ankanena kuti mwana ayenera kukaonedwa ndi agogo ake akadali ndi maso. Chonsecho mlamu wanuyo ndi munthu woti ngakhale ku Mongu ankapitako mwa apo ndi apo."

Mudzi wake unali pakachitunda, nyumba zozunguliridwa ndi mipanda ya bango, mitengo ya mango ikuluikulu. Anthu atamva kuti wabwera mlongo wa Stefano anatuluka onse. Amake a Namakau, kamayi kakang'ono ka imvi, anagwada pamchenga n'kuomba m'manja, ena onse n'kutsatira. Anamuyalira mphasa pamthunzi, anamubweretsera madzi m'beseni kuti aviike mapazi, mtsikana wina anathamangitsa nkhuku yoti amuphere. Lonia anafuna kukana, koma analibe mawu okanira.

Dzuwa litapendeka anapita naye kumanda. Anali pamalo okwera kumene madzi safika, pansi pa mtengo. Manda a Stefano anali otchingidwa ndi mitengo yozika kuti ng'ombe zisapondepo, posesedwa bwino, pali mtanda wathabwa wolembedwa dzina lake ndi penti yoyera. Pansi pa dzinalo analembapo kuti Chadiza. Lonia anagwada kuti apemphere monga anakonzera m'njira monse, koma pemphero silinabwere. Kunabwera kulira, kulira kumene kunakana kutuluka pamaliro paja, ndipo analira mpaka mawu kutha. Amake a Namakau anakhala pambali pake akumusisita kumsana, nawonso akulira m'chilankhulo chawo.

Atabwerera pamphasa mayi wokalambayo analankhula nthawi yaitali, Dyson akumasulira.

"Akuti zikomo kuti mwabwera, mtima wawo wakhala pansi. Akuti akuthokozanso chifukwa cha mmene munamulandirira mwana wawo. Anawauza kuti munamupatsa nyumba yakeyake yogona, ndipo pobwerera munamupatsa mtedza wodya m'njira. Chimene anadandaula n'chakuti apongozi ake sanawapeze."

Lonia anayang'ana mapazi ake otupa. Mayiyo ankamuyang'ana ndi nkhope yoyera, akudikira yankho.

"Auzeni kuti zikomo," anatero. Kenako anafunsa chimene ankaopa kufunsa chifikire. "Nanga Namakau ali kuti?"

"Ali ku Sesheke, kwa azakhali ake. Akusoka zovala pamsika. Anapita ndi mwana mvula yapitayi itangotha."

"N'kutali?"

"Kubwerera ku Mongu, kenako basi ina kulowera kummwera. Mukhoza kupita, mayi. Ine ndikhoza kukukwezani, n'kuwaimbira kuti akulandireni."

Lonia anaganiza za basi ina, za chilankhulo chosamveka, za mitambo imene inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse, munda wake usanagalauzidwe. Anaganizanso za kuima pamaso pa Namakau pakati pa msika, ndipo ichi n'chimene chinamulemera kuposa zonse.

"Ndidzapita ulendo wina," anatero.

Dyson anangogwedeza mutu.

Atabwerera ku Kalabo, pamene foni inkagwira, Dyson anaimba n'kumupatsa Lonia. Kumbali inayo kunkamveka makina osokera ndi phokoso la msika.

"Alamu," anatero Namakau. Chinyanja chake chinali chitachepa kuposa kale. "Ndamva mwafika. Mwaona manda?"

"Ndaona. Mwawasamala bwino."

"Zikomo poti mwabwera. Amayi ali bwanji?"

"Alipo. Miyendo ndiyo ikuvuta. Amafunsa za mwana."

"Chipiliro ali bwino. Akuthamanga tsopano."

Chapafupi kamwana kanaseka, n'kunena kanthu kena mofuula. Lonia anakanikiza foni kukhutu. Mawu opepesa amene anawakonza ali pamchenga paja anawasiya.

"Mlamu," anatero m'malo mwake, "mudzabwere nayenso. Amayi adzamuone. Ulendo uno tidzakutengani ndi njinga paboma."



"N'kutali, alamu," anatero Namakau. Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akungotchula mmene zinthu zilili.

"N'kutalidi," anavomera Lonia.

"Mupereke moni kwa amayi. Muyende bwino."

Ulendo wobwerera unali womwewo, dambo, nkhalango, phokoso la Lusaka, mapiri, koma Lonia sanauone. Anafika ku Zingalume kumwamba kutada, mphepo ikuulutsa mapesi m'minda. ANambewe anali pakhonde. Anadikira kuti atule chikwama, amwe madzi, kenako anasendera pafupi, chinthu chimene anali asanachite kwa chaka chathunthu.

Lonia anawafotokozera zonse, za mtengo, za mpanda, za mtanda, za bwato, za mkazi amene anagona pakhomo kukaniza maliro. ANambewe anamvetsera maso ali chotseka.

"Nanga mwana?"

"Sindinamupeze, amayi. Anasamukira kwina. Ndinangomumva mawu pa foni."

"Akulankhula?"

"Akulankhula."

"Anati chiyani?"

"Sindinamve. Ndi chilankhulo cha kwawo."

ANambewe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja n'kugwira phazi lotupa la Lonia, nalisisita ndi chala chachikulu.

"Ukaviike m'madzi ofunda," anatero. "Mawa usapite kumunda."

ANambewe anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Lonia anamuimbira Dyson kuti apereke uthenga ku Sesheke, ndipo patapita masiku Dyson anaimbanso. Anati Namakau walira kwambiri, akupepesa onse a pamudzi, koma sakwanitsa kubwera.